Poto wopanda anyezi, mbale yopanda nyemba

Ndiwo zathu zambiri zimayamba mofanana: mafuta m'poto, anyezi, kenako tomato. Munthu wosadya nyama amathiramo ndi adyo kuti msuzi umveke, ndipo pafupifupi tsiku lililonse pambale pake pamakhala nyemba, nandolo, khobwe kapena nyama ya soya ija ya m'mapaketi. Ndiye dokotala amuuze munthu ameneyu kuti kwa milungu ingapo asiye anyezi, adyo, nyemba, buledi, mkaka ndi mango. Atsala ndi chiyani? Funso limeneli silivutitsa wodwala yekha. Mutu umaima ndi wa amene amagwira mthiko.

Osadya nyama alipo ndithu pakati pathu. Ena ndi a Seventh-day Adventist otsatira chiphunzitso cha mpingo wawo pa zaumoyo, ena ndi ma Rasta, ena ndi Ahindu a m'matauni. Tisaiwalenso khamu lalikulu lija limene limaonana ndi nyama pa Khirisimasi pokha, osati chifukwa cha chikhulupiriro koma thumba. Onsewa amadalira nyemba.

Vuto limene limachititsa dokotala kuletsa zakudya zija limatchedwa SIBO, kuchulukana kwa mabakiteriya m'matumbo aang'ono. M'matumbo aakulu mabakiteriya ndi kwawo, alimo osawerengeka ndipo amatithandiza. Koma matumbo aang'ono, aja otalika pafupifupi mamita 6 momwe chakudya chimagayidwa n'kulowa m'magazi, amayenera kukhala ndi ochepa. Asidi wa m'chifu amapha ambiri, ndulu imathandizapo, ndipo munthu akakhala osadya, matumbo amadzikankha okha pa mphindi 90 mpaka 120 zilizonse, kusesa zotsalira monga mmene mayi amasesera pabwalo alendo akachoka. Kusesaku kukafooka, mabakiteriya amakhazikika. Zimachitika kwa ena amene adwala shuga kwa zaka zambiri, kwa amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, kwa amene matumbo anapanikizika penapake, ndipo kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole kumatchulidwanso. Mabakiteriyawo amayamba kudya chakudya mwini wake asanachiyamwe, n'kutulutsa mpweya wa hydrogen. Tizilombo tina timatulutsa methane. Mimba imafufuma, munthu amangogeya ndi kuphwisa, ena amatsegula m'mimba, ena amadzimbidwa, makamaka amene methane wawachulukira.

Poyeza, amamwetsa munthu madzi a glucose kapena lactulose, kenako n'kumapima mpweya umene akupuma. Ndikutchula zimenezi dala, chifukwa zofufumitsa mimba n'zambiri: njoka zam'mimba, giardia, zilonda zam'mimba, ngakhale TB ya m'mimba kapena chotupa. Munthu amene akuwonda, akusanza kapena akuona magazi m'chimbudzi apite kuchipatala. Palibe ndiwo zimene zingamuthandize.

Kadyedwe kamene odwala ambiri amapatsidwa kanachokera ku yunivesite ya Monash ku Melbourne, m'dziko la Australia. Mu 2005 Peter Gibson ndi Susan Shepherd anaika m'gulu limodzi mitundu ya shuga imene thupi silitha kuiyamwa bwino koma mabakiteriya amaisasitsa msanga, ndipo anaitcha FODMAP. Ina ili mu anyezi, adyo ndi tirigu, ina mu nyemba, ina mu mkaka, ina mu mango, maapozi ndi uchi, ina mu bowa ndi mapeyala. Kadyedweka kanakonzedwera matenda ena a matumbo otchedwa IBS, ndipo umboni wake waukulu uli kumeneko. Malangizo a bungwe la American College of Gastroenterology a mu 2020, amene anatsogolera kulemba ndi Mark Pimentel wa ku Cedars-Sinai ku Los Angeles, amati chochiza SIBO ndi maantibayotiki, monga rifaximin, ndipo pa nkhani ya zakudya umboni ndi wochepa. Ngakhale mankhwalawo sathetseratu: ku Italy mu 2008 anapeza kuti pafupifupi 44 mwa odwala 100 alionse vuto linali litawabwerera pakutha miyezi 9.

Choncho wophika adziwe malire a ntchito yake. Sakupha mabakiteriya. Akuchepetsa mpweya ndi kupweteka kuti munthu agone tulo, apite kuntchito, avale lamba wake. Ndipo ine chimene chimandiopsa m'nyumba zotere si anyezi ayi, koma mantha. Lero achotsa nyemba, mawa tomato chifukwa wina wanena, mkucha mtedza, mpaka wodwala atsala ndi mpunga woyera ndi kaloti, thupi likutha. Wodya nyama savutika chonchi, popeza nkhuku, nsomba ndi nyama zilibe shuga ameneyu m'pang'ono pomwe. Wosadya nyama ukamuchotsera nyemba osaikapo china, wamulanda zomanga thupi.

Tiyambe ndi anyezi, popeza ndi amene amaliritsa ophika. Shuga wovuta wa mu anyezi ndi adyo amasungunuka m'madzi koma sasungunuka m'mafuta, pamene fungo lake limalowa m'mafuta bwinobwino. Ndiye dulani adyo kapena anyezi zibenthu zikuluzikulu, kazingani m'mafuta pamoto wochepa mpaka fungo litamveka, vuulani zibenthu zonse, kenako muthire tomato. Musasinthe dongosololi. Mukaphikira anyezi mumsuzi n'kumuchotsa pomaliza, mwataya nthawi, chifukwa shuga uja wasungunukira kale m'ndiwo. Mafuta a adyo amenewa konzani a tsiku lomwelo. Adyo wosiyidwa m'botolo la mafuta pashelefu angathe kumeretsa tizilombo ta poizoni woopsa wa botulism.

Pali chinanso chimene timataya tsiku ndi tsiku: masamba obiriwira a anyezi. Mutu woyera ndiye wovuta, masamba alibe vuto. Pamsika pemphani anyezi wamasamba, mutu upite m'poto wa ena, masamba m'poto wa wodwala. Jinja, mandimu ndi tsabola wobiriwira wosawawa amadzutsa msuzi. Kambuzi alibe shuga ameneyu wambiri, koma matumbo opweteka kale samulandira bwino. Ajaini a ku India, amene chipembedzo chawo chimaletsa nyama, anyezi ndi adyo, akhala akuphika chonchi kwa mibadwomibadwo, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito ufa wonunkhira wotchedwa hing umene umapezeka m'masitolo a zokometsera za ku India. Kakang'ono kwambiri m'mafuta otentha n'kokwanira. Chenjerani ndi timabuloko ta msuzi ndi supu wa m'mapaketi, chifukwa ambiri muli ufa wa anyezi ndi adyo.

Nkhani ya nyemba ndi yowawa, chifukwa chimene timakonda ndicho chovuta. Msuzi wokhuthala uja, wofiira, umene timasunsa nsima mpaka mbale kuyera, ndi momwe shuga wovutayo amathera. N'chifukwa chake a ku Monash anapeza kuti tchana wa m'chitini, wokhutula madzi ndi kutsukuluza, amaloleka pa kota ya kapu, pamene wophika pakhomo ndi madzi ake omwe saloleka. Amene sangakwanitse zam'chitini atsanzire njira yomweyo: viikani nyemba usiku wonse, tayani madzi, phikani m'madzi ambiri, tayaninso, tsukuluzani, kenako muziike mu tomato wokazinga. Njira imeneyi imachepetsa, sichotseratu, choncho muyeso ndi masipuni awiri kapena atatu, osati chipande chodzaza. Agogo ataona mukutaya msuzi wa nyemba anganene kuti mwapenga, ndipo sindingawatsutse kwenikweni, chifukwa madziwo amapita ndi zina zabwino. Koma ndi za milungu yochepa. Mphodza zomeretsa, zija zotuluka timichira toyera, nazo n'zopepuka m'mimba.

Soya ali pawiri. Nyama ya soya ya m'mapaketi imapangidwa ndi ufa wa soya wochotsa mafuta, ndipo shuga wovuta yense amatsala momwemo. Mkaka wa soya wopangidwa ndi nyemba zathunthu ndi phala losakaniza ufa wa soya n'chimodzimodzi. Koma tofu wolimba ndi wina, chifukwa pomufinya shuga uja amatuluka ndi madzi. Soya timalima wambiri ku Kasungu, Mchinji, Lilongwe ndi Dedza, ndipo zimandidabwitsa kuti tofu timamuonabe ngati chakudya cha m'mahotela. Kupanga kwake n'kosavuta. Viikani soya usiku, sinjani kapena gayani ndi madzi, sefani pansalu yoyera, wiritsani mkakawo mpaka upse bwino, phulani, thirani madzi a mandimu kapena viniga pang'onopang'ono mpaka utagwirana. Khutulirani pansalu, mangani, tsamikani ndi mwala kwa ola limodzi. Madzi achikasu otulukawo musawasunge. Dulani timabenthu, kazingani mpaka tifiire, ikani mu tomato.

Apa ndi pamene khitchini yathu ili ndi mwayi umene mzungu wa ku Melbourne alibe. Mtedza uli m'gulu la zololeka, pa muyeso wa magalamu 28, kapena kuti njere pafupifupi 32. Ndiye ndiwo zotendera, chiponde ndi phala la nsinjiro zonse zili pa mndandanda. Nsima nayo ilibe mlandu, ufa wa chimanga ndi wololeka, pamodzi ndi mpunga, mbatatesi, mapira ndi mawere. Munthu wa makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 48 a mapuloteni patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6, mtedza wodzaza dzanja uli ndi 7, ndipo ndi tofu, nthanga za maungu, chitowe ndi nsima yomwe, chiwerengerocho chimakwana. Mtedza ukachuluka pambale, kusankha kuchulukenso. Wachuku, wofota ndi wowawa utayidwe, chifukwa poizoni wa aflatoxin amawononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto.

Ndiwo zamasamba sizivuta. Kaloti, mabiringanya, therere lobala, zitheba, nkhaka, chayinizi ndi sipinachi n'zabwino, kabichi ndi mbatata pa muyeso wa magalamu 75, kutanthauza kuti futali adyedwe m'kambale kakang'ono. Bowa wambiri ndi kolifulawa adikire, kupatula bowa wolimidwa wa oyster. Mindandanda imeneyi inayamba ndi zakudya za m'masitolo a ku Australia, ndiye pa nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa ndi chigwada woweruza ndi mimba ya wodwalayo: phikani zipse bwino, yambani ndi pang'ono, mtundu umodzi patsiku. Pa zipatso, papaya, chinanazi, malalanje ndi nthochi yosapsetsa zimadutsa. Mango, mavwende ndi nthochi yamawangamawanga ayi. Wodwala mu Disembala, mitengo itaweramira pansi ndi mango, ameneyo ndimamumvera chisoni.

Mkaka, chambiko ndi yogati zili ndi shuga wovuta wotchedwa lactose, pamene tchizi wolimba ngati cheddar alibe kwenikweni. Koma mkaka ukachoka pamabwera nkhani ya vitamini B12. Mabakiteriya a m'matumbo aang'ono amadya B12 thupi lisanamuyamwe, ndipo B12 sapezeka mokwanira m'zomera zilizonse. Wosadya nyama amene ali ndi SIBO ndiye kuti wapanikizika mbali ziwiri. Kutopa, kuchepa magazi, dzanzi m'mapazi ndi kuiwalaiwala zisatengedwe ngati zachibwana. Mazira amathandizako, koma amene sadya ngakhale mazira akambirane ndi dokotala za mapilitsi kapena jakisoni.

Pali mwambo wathu wina wabwino umene pano ukufunika kuugwira dzanja. Wodwala timamukakamiza kudya: "Mayi, lawaniko kaphalaka." Pakapita ola, tiyi. Pakapita lina, kanthochi. Kusesa kwa matumbo kuja kumaima munthu akangodya, choncho madokotala ambiri amalangiza kusiya maola pafupifupi 4 pakati pa chakudya ndi chakudya, madzi okha pakati. Odwala shuga amene akumwa mankhwala ndi anthu owonda kwambiri afunse kaye asanayambe zimenezi. Ndipo mitanda isanu pakamodzi, ngakhale nsima ili yololeka, imafufumitsa aliyense.

Makala ndi okwera mtengo, palibe angaphike kawiri tsiku lililonse. Phikani ndiwo za banja lonse m'mafuta onunkhira adyo ndi masamba a anyezi, patulani za wodwala, kenako otsalawo muwathirire anyezi wokazinga padera ndi nyemba zawo. Wodwala adye pamphasa pomwepo ndi anzake, ndiwo zooneka ngati za anzake. Munthu wopatsidwa kambale kake pakona amasiya kudya msanga.

Kuletsa konseku a ku Monash amati kukhale kwa milungu 2 mpaka 6 basi. Ku King's College London mu 2012 anapeza kuti patatha milungu 4 ya kadyedweka, mabakiteriya abwino otchedwa bifidobacteria anachepa m'matumbo, chifukwa zakudya zimene tachotsazo ndi zomwe iwo amadya. Ndiye mimba ikakhazikika, zakudya zibwerere gulu limodzi pa nthawi. Tsiku loyamba pang'ono, lachiwiri kuwonjezera, lachitatu muyeso wa masiku onse, kenako kupuma masiku awiri kapena atatu musanayese china. Lembani m'kope chimene wadya ndi mmene wagonera, chifukwa pakutha mwezi palibe amene adzakumbuke ngati linavuta linali khobwe kapena nzama. Ambiri amapeza kuti ovuta ndi magulu awiri kapena limodzi, ena onse amabwerera pambale. Kwa wosadya nyama, ine ndingayambe ndi nyemba, zija zotaya madzi kawiri, masipuni awiri pa nkhomaliro ya Loweruka pamene munthu sakupita kuntchito. Anyezi abwere pambuyo, chifukwa mafuta ndi masamba zikugwira kale ntchito yake.