Mvula ikamagunda pa malata

Mvula yoyamba ikafika ku Biwi, ana amathamangira panja kukasewera ndipo amayi amatchera zidebe m'munsi mwa malata. Koma m'nyumba zina muli munthu amene mtima wake umayamba kuthamanga mitambo ikangoda. Amanyamula zikalata n'kuziika pamwamba pa kabati, amakalipira ana popanda chifukwa, ndipo usiku wonse amakhala m'maso kumvetsera madzi m'ngalande. Ena mwa anthu otere anaona madzi akulowa m'nyumba mu Disembala 2017 kapena mu Januwale 2019, pamene mvula yamphamvu inasefukiza mitsinje n'kuononga nyumba ku Biwi, Mchesi, Kawale ndi Kaliyeka. Ena ndi abale athu amene anabwera kuchokera ku Chilobwe namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023. Nyumba zinamangidwanso, koma thupi silinaiwale.

Chimene chimachitika n'chakuti mu ubongo mwathu muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, komwe ntchito yake ndi ngati ya mlonda. Tikakumana ndi zoopsa, mlondayu amasunga zonse zomwe zinalipo nthawi imeneyo: phokoso, fungo, mdima, ngakhale mawu a munthu. Tsiku lina akangomva chofanana nacho amaliza belu asanatifunse. Thupi limatulutsa adrenaline, mtima n'kuthamanga, manja kutuluka thukuta, m'mimba kutembenuka. Maganizo akamadzati "iyi ndi mvula chabe", thupi limakhala litanyamuka kale.

Si mvula yokha. Kwa mayi amene anakulira m'nyumba ya bambo oledzera, fungo la kachasu mu minibasi limakwana. Kwa mnyamata amene anapulumuka pangozi, ndi kulira kwa mabuleki kapena kugogoda kwa zitsulo m'magalaja a pa Biwi Triangle. Kwa wina ndi foni yolira pakati pa usiku, poti uthenga wa maliro unabwera choncho. Ndipo zambiri n'zazing'ono kuposa apa: chitseko chomenyetsedwa, mwamuna kukweza mawu pang'ono, funso loti "ndalama ija yapita kuti?"

Ife a mumpingo timafulumira kuweruza pamenepa. Timati mlongoyo ndi wamtima wapachala, mbaleyo chikhulupiriro chake n'chochepa, angopemphera n'kuiwala. Komatu munthu wothyoka mwendo sitimuuza kuti ayende kuti aonetse chikhulupiriro. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha imfa pansi pa kamtengo, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamupatsa chakudya ndi madzi, namusiya agonenso.

Choyamba ndi kudziwa chomwe chimatokosa bala lathu, ndipo izi zimafuna kuleza mtima. Tingasunge kope laling'ono kwa milungu iwiri kapena itatu. Nthawi iliyonse mtima ukadumpha kapena mkwiyo ukabwera wosalingana ndi nkhani yake, tilembe kuti zinali nthawi yanji, tinali kuti, tinamva kapena kununkhiza chiyani, ndipo thupi linatani. Tilembenso ngati tinagona bwino ndi ngati tinadya, chifukwa mlonda uja amakhala wamantha kwambiri tikakhala ndi njala kapena tulo. Pakutha pa milunguyo ambiri amadabwa kuona kuti zomwe ankayesa ukali wa tsiku lililonse zimachokera pa zinthu ziwiri kapena zitatu zokha.

Belu likalira, tisayambe kukangana ndi maganizo. Tiyambe ndi thupi. Tikhale pansi, mapazi agunde simenti, tikoke mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno tikuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa tikuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kuthamanga kwa mtima. Kenako titchule mokweza zomwe tikuona m'chipindamo, ndi tsiku la lero. Ngati pali mkangano, tipemphe mphindi 20 tisanayankhe, koma tilonjeze kuti tibwerera ku nkhaniyo, apo ayi mnzathuyo aziona ngati tamunyoza.

Pali msampha umene umaoneka ngati nzeru: kuthawa chilichonse chotikumbutsa. Wina amasiya kukwera minibasi, wina sadutsanso pa mlatho, wina safikanso pa maliro. Lero mtima umapepuka, koma ubongo umaphunzira kuti kuthawako ndiko kwatipulumutsa, ndipo mantha amakula. Petro anakana Ambuye akuwotha moto wamakala, ndipo pa Yohane 21 tikumupeza atakhalanso pa moto wamakala m'mbali mwa nyanja, koma ulendo uno pali nsomba, mkate ndi Munthu womukonda. Bala limapola choncho: kubwerera pang'onopang'ono, tili ndi wina amene timamukhulupirira. Woopa mvula angayambe ndi kukhala pakhonde mphindi zisanu kukuwaza, mwamuna wake kapena mchemwali wake ali pambali, osamuseka.

Tinenenso poyera kuti mantha ena ndi oona. Ngati nyumba ili m'mphepete mwa mtsinje, kupuma mozama sikuimitsa madzi. Tikonze ngalande, tigwirizane kothawira, ndipo ngati n'kotheka tisamuke. Ngati amene anatimenya akutimenyabe, chimenecho si chikumbutso cha zakale ayi, ndi nkhanza za lero, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona zimenezi.

Pakadutsa mwezi maloto oipa osatha, tulo osabwera, ntchito ikuima, kapena munthu wayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti agone, nkhaniyo yaposa kope ndi khonde. Tiyambire pa chipatala chathu cha Kawale kapena ku Bwaila, tifotokoze zonse, osangoti mutu ukuwawa. A Saint John of God, omwe ali ku Area 43, amapereka uphungu ndi chithandizo cha matenda a maganizo. Munthu akanena zofuna kudzipha, asasiyidwe yekha, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale la Sabata.

Kwa amayi a Dorika ndi akulu a mpingo amene mumayendera makomo nyengo ya dzinja ino: mukapeza mlongo amene sagona kukagwa mvula, musamukakamize kufotokoza zonse zomwe anaona. Mufunseni chimene chimamuthandiza usiku wotero, ndipo musiyireni nambala ya foni yomwe adzayankhidwe akaimba 2 koloko usiku.