Njinga sinaphunzitse Ali nkhonya

Nkhaniyi mwaimvapo ndithu, kaya pa guwa, kaya pa WhatsApp, kaya pa mwambo wotsanzikana ndi ana a Folomu 4. Akuti mu 1954 mnyamata wa zaka 12 wa ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America, anamubera njinga yake yofiira, ndipo mkwiyo wa tsiku limenelo ndi umene unabala katswiri wa nkhonya Muhammad Ali. Oikamba amatsendera ndi phunziro lakuti ukaberedwa usalire, tsoka lako ndiye mwayi wako. Ena mpaka amathokoza wakuba uja.

Njinga inabedwadi, ndipo sinapezekenso. Chomwe tikukana ife n'chakuti ulemu upite kwa njinga ndi kwa mbala, pamene munthu amene anagwira ntchito amangotchulidwa kuti "wapolisi wina".

Wapolisiyo anali ndi dzina. Anali bambo Joe Martin, amene akaweruka ku ntchito ankaphunzitsa anyamata nkhonya pa Columbia Gym, m'chipinda chapansi cha nyumba imene njingayo inabedwera panja pake. Cassius Clay, lomwe linali dzina la Ali panthawiyo, anatsikira m'chipindamo akulira, akuti akampeza wakubayo am'thidzimula. A Martin anamuuza kuti ayambe waphunzira kaye kuponya chibakera. Patatha masabata 6 anamuika pa nkhonya yake yoyamba, yolimbana ndi Ronnie O'Keefe, pa pulogalamu ya pa TV ya Tomorrow's Champions imene iwo ankakonza. Mwanayo ankalemera makilogalamu pafupifupi 40, ndipo anapambana movutikira, oweruza atagawikana.

Mkwiyo wa mwana woberedwa sugona masiku ambiri. Chimene chinatenga zaka 6, kuchokera tsiku limenelo kufika pa mendulo yagolide ya Olimpiki ku Rome mu 1960, ndi khomo lotsegulidwa madzulo ndi madzulo. Kumbukiraninso kuti Louisville wa nthawiyo anali mzinda wa tsankho. A Martin anali mzungu, koma m'chipinda chawo mwana wakuda ndi mwana wachizungu ankamenya thumba limodzi.

Ntchitoyi inalowa mpaka m'nyumba mwawo. Akazi awo, mayi Christine, ndiwo ankayendetsa galimoto yonyamula anyamata kupita ku mipikisano ya m'mizinda ina. Akafika pamalo odyera okana anthu akuda, mayiwa ankalowa okha kukagula chakudya n'kubweretsera ana m'galimoto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akuluakulu, ndipo banja ili linachita zimenezo ndi mafuta a galimoto, tulo ndi masiku ake opuma. Ulendo wa ku Rome utayandikira, Clay anafuna kuukana chifukwa choopa ndege. A Martin ndiwo anakhala naye pansi mpaka analola.

Wina anganene kuti a Martin anangochita mwayi kukumana ndi mwana waluso. Luso linalipo, palibe angatsutse, ndipo Clay sanasulidwe ndi dzanja limodzi. Ankapitanso kwa bambo Fred Stoner, mphunzitsi wakuda wa mumzinda momwemo, amene anamunola pa kaponyedwe ka zibakera, ndipo Angelo Dundee anadzamulandira atayamba kale nkhonya zolipidwa. Koma mwayi sugwa kawiri m'chipinda chimodzi. Jimmy Ellis, amene anatenga lamba wa WBA wa akatswiri olemera kwambiri mu 1968, anadzeranso pa Columbia Gym pomwepo. Nanga anyamata ambirimbiri amene sanamveke pa wailesi, koma anakula ndi mwambo wosunga nthawi ndi kuugwira mtima, tiziti iwonso anaberedwa njinga?

Nkhani ya njinga imakoma chifukwa siipempha kanthu kwa womvera. Ngati tsoka ndilo limapanga akatswiri, ndiye kuti palibe chifukwa chogulira mpira bambo uja amene amasonkhanitsa ana pa bwalo lafumbi kuseri kwa sukulu, kapena chothokozera akazi awo amene amachapa majezi a ana a eni. Bambo wotereyu timamuti alibe zochita, kenako pa maliro ake n'kumadabwa kuona anyamata azindevu akulimbirana kunyamula bokosi.

A Martin anamwalira mu 1996 ali ndi zaka 80, chaka chomwe Ali anayatsa muuni wa Olimpiki ku Atlanta dziko lonse likuonerera. Nyumba ya Columbia Gym lero ili m'manja mwa Spalding University, ndipo pamwamba pa khomo lake anakolekapo njinga yofiira yokumbutsa nkhaniyi. Ikhale pomwepo, ndi yokongola. Koma inu amene mudzaikambenso nkhaniyi kwa ana, mukafika pa wapolisi uja, tchulani dzina lake ndi la akazi ake.