Za Malamulo: Mwini nyumba akakana kubweza chikole

Kwa zaka zambiri milandu ya nyumba za lendi inali yosowa m'dziko muno. Pa 3 February 1976 Pulezidenti Samora Machel adalengeza kuti nyumba zonse za lendi zikhala m'manja mwa boma, ndipo malamulo a m'chaka cha 1991 ndiwo adatsegulanso njira yoti munthu amange nyumba yobwereketsa. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize m'chaka cha 2011, alendo ofuna ntchito adachuluka, lendi idakwera, mikangano nayonso idakula.

Mkangano wofala ndi wa chikole. Munthu polowa m'nyumba ku Chipanga kapena ku Zóbuè amapereka ndalama za mwezi umodzi kapena iwiri zoti adzabwezeredwe potuluka. Tsiku lotuluka likafika, mwini nyumba amati khoma lada, chitseko chagweduka, choncho chobweza palibe. Kwa mayi wogulitsa tomato pamsika, ndalama zimenezi ndizo mpamba wake wonse.

Poyambira pabwino ndi kwa mlembi wa bairro kapena kwa mfumu. Zikakanika kumeneko, pali bwalo la m'dera, lotchedwa Tribunal Comunitário, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92 la pa 6 May 1992. Oweruza ake ndi anthu a m'dera momwemo, ndipo safuna loya. Ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa okanganawo. Kuyanjana kukalephereka, amagamula malinga ndi chilungamo, ndipo angathe kulamula wolakwa kubweza zomwe mnzake wataya.

Wodandaula apite ndi umboni: pepala la mgwirizano, malisiti a lendi, mauthenga a M-Pesa pa foni, komanso mboni zomwe zidaona nyumbayo tsiku lolowa. Wopereka chikole popanda pepala kapena mboni amavutika kwambiri pabwalo.

Koma ambiri amapunthwa mlandu utatha. Amatuluka akusangalala kuti apambana, mwini nyumba atalonjeza pakamwa kuti "ndibweza pakutha pa mwezi". Mwezi umatha, wina umabwera, m'thumba muli gwa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Bwalo la m'dera lilibe mphamvu yolanda katundu wa munthu. Kaamba ka ichi, wopambana asachoke pabwalopo asanapemphe kuti chigamulo chilembedwe. Pepalalo litchule kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lobweza, ndipo wangongoleyo asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni. Ngati ndalama zonse alibe, alembe kuti azipereka zingati mwezi uliwonse. Nthawi iliyonse yomwe wapereka, zilembedwe papepala lomwelo.

Tsiku lija likadutsa osalipira, nkhani ipite ku bwalo la boma la Moatize, Tribunal Judicial. Lamulo la 1992 lomwe lija limalola aliyense wosakhutira kutengera nkhani yake kumeneko. Bwalo limeneli likagamula ndipo wangongole akakanabe, wopambana ayenera kupemphanso kuti chigamulocho chikakamizidwe, pakuti bwalo siliyamba lokha kutolera ngongole ya munthu. Pamenepo limatuma wantchito wake kukagwira katundu, zomwe pa Chipwitikizi amati penhora, ndipo katunduyo akagulitsidwa ngongole imabwezedwa. Zimathandiza wodandaula akatchula yekha zomwe wangongoleyo ali nazo, monga njinga yamoto, ng'ombe kapena malipiro a kuntchito. Zofunda ndi ziwiya zofunika pakhomo sizilandidwa.

Wosauka asaope za loya. Bungwe la boma la IPAJ, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, limathandiza kwaulere anthu osowa ndalama zolipirira loya.

Pali chenjezo kwa mbali zonse ziwiri. Wopambana mlandu asapite yekha kukanyamula wailesi kapena mbuzi ya mwini nyumba, chifukwa akatero wadzipalira mlandu wina. Mwini nyumba nayenso alibe mphamvu yochotsa chitseko, kusasula malata kapena kutaya katundu wa wa lendi panja, ngakhale munthuyo ali ndi ngongole ya miyezi ingapo. Kutulutsa munthu m'nyumba mokakamiza ndi ntchito ya bwalo la boma, ndipo njira yopitira kumeneko ndi yomweyi.