Inu odzudzula "fall", khalani pansi kaye

Pali kakhalidwe kena kamene kakunditopetsa pakati pa ife okonda zolembalemba. Munthu angolemba kuti mwana wake akayamba sukulu ku America mu fall, pompo wina watulukira ndi mkwapulo: "Chingerezi cholondola ndi autumn, mayi." Inu a mkwapulo, munafufuza koma?

Mawu akuti fall sanabadwire ku America ayi. Kwawo ndi ku England konko. M'zaka za m'ma 1500 Angerezi ankati fall of the leaf ponena nthawi imene masamba amayoyoka, monganso ankati spring of the leaf ponena nthawi imene amaphukira. Kenako anafupikitsa onse awiri. Ndiye tandiuzani: spring mukumulandira ndi manja awiri, koma m'bale wake wa bere limodzi mukumupirikitsa pakhomo, walakwanji? Ngati pali wobwera pamenepa ndi autumn. Iyeyo anachokera ku Chilatini, autumnus, n'kudzera ku Chifalansa, n'kulowa m'Chingerezi m'ma 1300.

Angerezi amene ankawoloka nyanja m'ma 1600, kuyambira aja anakamanga Jamestown mu 1607, anapita nawo mawu onse awiri. Kutsidyako fall anazika mizu, ku Britain anafota. Nkhani yake ndi yomweyi basi. Ndipo si ine ndekha mayi wa pamsika amene ndikumuikira kumbuyo. Anyamata awiri apachibale a kwa Fowler, Angerezi enieni okhwimitsa malamulo a kalembedwe, m'buku lawo la 1906 lotchedwa The King's English anavomera kuti fall ndi wabwino kuposa autumn. Anati ndi wamfupi, ndi wa kwawo, ndipo tanthauzo lake limaonekeratu. Chimene chinawawawa n'choti Angerezi anamutaya okha.

Komanso Chingerezi "cholondola" mukunenachi ndi cha mudzi uti? Ku Canada fall ndiye amamveka kwambiri. Ku Scotland kuli mawu akuti hairst. Alimi a kumpoto kwa England amati back-end, kumathero kwa chaka. Ku Australia ndi ku South Africa amati autumn ndithu, koma wawo amabwera Malichi mpaka Meyi, pamene wa ku London ndi Seputembala mpaka Novembala. Mawu amodzi, miyezi yosiyana.

Ine ntchito yanga ndi ya kaunjika. Ndikamasula belo, juzi lina kalebulo kake kamati Fall, lina Autumn. Onse ndimawapachika pa chingwe chimodzi, ndipo amayenda malonda mu Juni, nthawi imene eni akewo akuvula malaya ndi kutentha.

Ndikudziwa muti masukulu athu amatsata Chingerezi cha ku Britain. Zoona, ndipo mwana akamalemba mayeso alembe autumn, asataye malikisi zazii. Koma kumuuza kuti fall ndi kugwa basi, kumeneko n'kumupusitsa. Mwana yemweyo mawa adzafuna malo pa yunivesite ya ku America, fomu idzamufunsa za fall semester, imene imayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo mafomu ake amatsekedwa kudakali miyezi yambiri. Akadzaphonya, mkwapulo wanu uja udzamulipirira fizi?

Chondiseketsa n'chakuti tikumenyanirana nyengo imene kuno kulibe. Seputembala wathu ndi chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, mitengo ya mombo ikuphuka masamba ofiira m'malo moyoyola. Mawu okhawo amene amafanana ndi zathu ndi amene Angerezi ankatchulira nyengoyi kalekale, autumn ndi fall asanabwere: harvest, nthawi yokolola. Ajeremani mpaka lero amati Herbst. Amenewo ndiye masika athu, nthawi ya nzimbe, maungu ndi mtedza wauwisi, pamene ngakhale kasitomala wouma manja amagula osanenerera. Koma ndakhala m'gulu muno nthawi yaitali, ndipo a mkwapulo sindinawaonepo akukwiya munthu akasokoneza masika ndi dzinja.