Wofuna kudzipha sangadikire galimoto ya ku Zomba

Madzi akasefukira ku Nsanje palibe amene amakhala padenga n'kumadikira katswiri wochokera ku Lilongwe. Chigumula cha mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 zidatiphunzitsa mowawa kuti wopulumutsa munthu ndi amene ali naye pafupi. N'chifukwa chake m'midzi yambiri ya m'mphepete mwa Shire ndi Ruo lero muli makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Wina amayang'anira mlingo wa madzi, wina amathamanga ndi chimkuzamawu kudzutsa anthu, wina amapalasa bwato. Onsewa ndi anthu wamba amene adaphunzitsidwa masiku owerengeka. Tsono ndifunse: mwa anthu omwewa, ndi angati adaphunzitsidwapo chochita bambo wina akati, "Ine bola kungofa"?

Madzi akaphwa, mabungwe amapinda matenti awo n'kumapita. Kumatsala bambo amene ng'ombe zake zidapita ndi madzi, munda wake udakwiririka ndi mchenga, wakatapila akugogoda pakhomo tambala asanalire. Anthu asanapume n'komwe kudabwera ng'amba ya mu 2024, imene idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo amayi adabwereranso m'madambo kukazula nyika pakati pa ng'ona. Matumba a chimanga chogawa timawawerenga mpaka lomaliza. Anthu amene adasiya kupeza tulo chichitikireni Freddy sitiwawerenga.

Apolisi adanena kuti pakati pa Januwale ndi Ogasiti 2020 anthu 182 adadzipha m'dziko muno, pamene m'miyezi yomweyo mu 2019 adalipo 116, ndipo 92 mwa 100 alionse adali amuna. Amenewo ndi okhawo amene nkhani yawo idafika kupolisi. Kumudzi maliro ena otere amaikidwa mwakachetechete, achibale n'kumati malemu adangodwala mwadzidzidzi.

Nanga thandizo lili kuti? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, makilomita oposa 200 kuchokera paboma la Nsanje. Zipatala za St John of God zili ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Munthu wa ku Makhanga, kwa Mlolo, m'dzinja amayamba walipira bwato asanauone msewu. Komatu maganizo ofuna kudzipha safika pachimake kwa mwezi wathunthu. Nthawi zambiri amakhala maola ochepa, mwinanso mphindi chabe, ndipo munthu akadutsa pamenepo ali moyo, mtima umatsika. Ofufuza adapeza kuti mwa anthu 10 amene adayesapo kudzipha n'kupulumuka, pafupifupi 9 sadzafa imfa yodzipha. Ndiye kuti nkhondo yonse ili pa usiku umodzi umenewo, ndipo usiku umenewo dokotala wa ku Zomba kulibe. Amene alipo ndi mkazi wake, mlangizi wa zaumoyo, a nyakwawa, mkulu wa mpingo, ndi mnyamata wa kabaza amene adamunyamula madzulo kuchokera kumsika.

Anthu amenewa amamva ndithu, chifukwa kawirikawiri munthu sapita chinunu. Amati, "Ana angawa mudzandisungire." Amati, "Mudzandifuna, simudzandiona." Amabweza khasu limene adabwereka chaka chatha, amapatsa mphwake mbuzi yake yomaliza popanda chifukwa. Ife timayankha kuti chiyani? "Limbani mtima, ndinu mwamuna." "Asatiopseze ameneyo, wofuna kudzipha sanena." "Ndi kachasu akuyankhulayo." Ena amathamangira kwa sing'anga kukafufuza yemwe wamulodza, mwini wakeyo atamusiya yekhayekha m'nyumba. Kenaka pasiwa m'pomwe aliyense amakumbukira kuti malemu adanenatu. Sindikuti ndife ouma mtima. Ndikuti palibe adatiuza kuti mawu amenewa ndi ofanana ndi utsi wotuluka padenga.

Zofunika kuphunzirazo si za ku yunivesite ayi. Maphunziro otchedwa ASIST, amene adayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1980, amatenga masiku awiri basi, ndipo phata lake ndi kufunsa mosazungulira. Kukhala naye pamphasa, kumuyang'ana, n'kunena kuti, "Achimwene, mawu anuwa andidetsa nkhawa. Kodi mukuganiza zodzipha?" Yesani kulitchula funso limeneli mokweza muli nokha, muona m'mene lilime limalemerera. N'chifukwa chake pamafunika kuyeserera, awiriawiri, mpaka pakamwa patazolowera. Ambiri amaopa kuti kufunsa ndiko kumupatsa nzeru zoipa. Kafukufuku wachitika mobwerezabwereza ndipo wasonyeza kuti si choncho. Munthu amene wasenza yekha chinthu chimenechi kwa masabata, akafunsidwa ndi munthu wosamuweruza, nthawi zambiri amapepukidwa. Akavomera, si nthawi yomulalikira za Gehena kapena yomuuza kuti ena akuvutika kuposa iye. Ndi nthawi yomumvetsera, yosamusiya yekha, yoitana munthu amene iye mwini amamukhulupirira, yomuperekeza kuchipatala, ndipo mawa ndi mkuja kubweranso kudzamuona.

Pali chinanso chimene kuno kuchigwa cha Shire sitingachilumphe. Timalima thonje, ndipo botolo la mankhwala opopera limakhala kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi imfa imodzi mwa imfa zisanu zodzipha padziko lapansi imabwera ndi mankhwala ophera tizirombo. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 peresenti pakati pa 1995 ndi 2015, ulimi osagwa. Kuletsa ndi ntchito ya boma. Koma wothandiza wophunzitsidwa sadikira lamulo: amafunsa kuti, "Mankhwala a thonje aja ali m'nyumba momwemuno?" n'kukawasungitsa kwa mnansi mpaka mphepo itadutsa. Ogulitsa mankhwala pamsika wa Bangula kapena kwa Tengani ayenera kukhala pabenchi yoyamba ya maphunzirowa. Munthu akafika pakauntala maso ali gwa, osadziwa n'komwe mbewu imene akufuna kupopera, wogulitsa adziwe kuti imeneyo si nthawi yowerenga chenji.

Ena a m'maofesi anena kuti za maganizo n'za madokotala, anthu wamba asaziyambe dala. Apite akaone ku Harare. Dr Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala a maganizo ku Zimbabwe ndi owerengeka pa zala, adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 adasonyeza kuti amene adacheza ndi agogowo adapeza bwino kuposa amene adangolandira chithandizo cha masiku onse. Kwathu konkuno, m'boma la Zomba, alangizi a zaumoyo adaphunzitsidwapo kuzindikira ndi kuthandiza ovutika maganizo m'midzi. Njira ilipo kale, ku Nsanje ingofunika kufika.

Pamfundo imodzi otsutsawa akunena zoona. Wothandiza wophunzitsidwa mwachidule n'kusiyidwa yekha akhoza kuononga. Chinsinsi cha munthu chikafika pamjigo m'mawa mwake, ameneyo sadzaululanso kwa wina aliyense. Ndipo amene amamva zowawa za anzake usiku ndi usiku nayenso amatopa. Choncho wothandiza aliyense akhale ndi nambala ya namwino kapena dokotala wodziwika, kaya pachipatala cha boma cha Nsanje, kaya ku Trinity ku Muona, kaya ku Kalemba ku Bangula, amene angamuimbire pakati pa usiku n'kuyankha. Enanso ati anthu akufuna chimanga, osati nkhani. Chimangacho chibwere, ndipo chibwere msanga. Koma thumba logawidwa Lachisanu silithandiza bambo amene tamuika m'manda Lachitatu.

Chimene chimatseka pakamwa anthu kwambiri ndi mantha. Ndime 229 ya malamulo a milandu amene tidatengera kwa atsamunda idaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo anthu ena adatengeredwapo kukhoti chifukwa cha zimenezi. Ghana idachotsa lamulo lotere mu 2023, ndipo khoti lalikulu la ku Kenya lidalikana mu Januwale 2025. Munthu wofuna kufa sawopsezedwa ndi ndende. Amene amaopa ndi achibale ake, n'kumubisa m'nyumba m'malo mothamangira naye kuchipatala. Mantha amenewa adazika mizu, ndipo sadzachoka ndi siginecha ya ku Lilongwe yokha. Apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi ayenera kukhala nawo m'kalasi momwemo. Atsogoleri a mipingo nawonso: ngati muli ndi mphamvu zokana kuimba nyimbo pamaliro a wodzipha, abusa, mukhalenso ndi mphamvu zokagogoda pakhomo pake akadali moyo.

Ndikudziwa m'mene maphunziro amayendera m'dziko muno. Mabwana amakwera galimoto kupita kuhotela ya kunyanja, amasainira alawansi, amajambulitsa chithunzi, n'kubwerako ndi zikwama zatsopano. Zimenezo ayi. Maphunziro awa achitikire m'kalasi ya pulayimale kwa Ndamera, kwa Mbenje, kwa Nyachikadza, ndipo achitike m'Chisena ndi m'Chimang'anja, chifukwa munthu amene wafika pamapeto salira m'Chingerezi. Ophunzira akhale alangizi a zaumoyo, anankungwi, aphunzitsi, atcheyamani a banki m'khonde amene amadziwa woyamba kulephera kubweza ngongole, ndi makomiti a ngozi aja amene alipo kale ndipo amadziwa khomo lililonse.

A khonsolo ya Nsanje, a zaumoyo paboma ndi aphungu athu: chaka chilichonse mvula isanagwe mumakhala pansi kukonza dongosolo la ngozi za madzi. Chaka chino muikemo masiku awiri ophunzitsa anthu awiri kapena atatu pa gulupu aliyense kufunsa funso lija ndi kudziwa kopita naye munthu akayankha kuti inde.