Lamulo lokha silingatsitse anthu m'phiri

Pa Maselema, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere pakati pa Chichiri ndi Limbe, pali mafakitale, nyumba zosungiramo katundu ndi malo ogulitsira galimoto. Malo amenewa anayezedwa bwino, ali ndi malire odziwika, msewu wa phula, madzi ndi magetsi. Koma alonda, amakaniko, onyamula katundu ndi osesa omwe amagwira ntchito pamenepa sagona pa Maselema. Dzuwa likapendeka amakwera minibasi kapena kuyenda wapansi kupita ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Machinjiri. Ambiri amakafikira m'nyumba za lendi zomangidwa popanda pulani, ena m'mphepete mwa mtsinje, ena pamtsetse wa phiri. Mzinda wa Blantyre unakonzera malo katundu, koma sunakonzere malo okwanira anthu omwe amanyamula katunduyo. Ife tikuona kuti apa ndi pomwe pagona vuto la ndondomeko ya boma pa nkhani ya nyumba.

Zotsatira zake tinaziona mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchoka m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje. M'dziko lonse, anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Akuluakulu athu ngozi yotere amaitcha napolo, ndipo sikuti inali yachilendo. Mu Januwale 2015 madzi anawononganso nyumba m'madera omwewa. Madzi saiwala khwawa. Chomwe chinasintha pakati pa 2015 ndi 2023 n'chakuti nyumba zinakwera pamwamba m'phiri, pomwe mitengo yogwira nthaka inanka ichepa.

Ngozi ikachitika, mawu omwe timamva kawirikawiri ndi akuti anthuwo anamanga malo oletsedwa. Zimenezi n'zoona, koma funso lomwe silifunsidwa mokwanira ndi lakuti malo ololedwawo anali kuti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu pafupifupi 800,000, ndipo oposa theka la anthu amenewa amakhala m'madera omwe sanakonzedwe ndi akatswiri oyeza malo. Anthu ochuluka chonchi sitingawatche osamvera. Munthu wolandira malipiro a mlonda akafuna malo, amapita komwe angawapeze pamtengo womwe angakwanitse, ndipo nthawi zambiri kumeneko ndi kwa mfumu ya m'dera kapena kwa munthu wina yemwe akudula chigawo cha malo ake. Pamenepo sapatsidwa chikalata cha boma, ndipo palibe yemwe amamuuza ngati nthakayo ingapirire mvula.

Malamulo tili nawo ambiri. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Physical Planning Act, lamulo lomwe linalowa m'malo mwa la 1988, ndipo limafuna kuti womanga ayambe wapempha chilolezo. Mu 2019 boma linakhazikitsa ndondomeko ya kayendetsedwe ka mizinda. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kutukula mizinda kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Freddy atangodutsa, aphungu anavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa la 1991. Zonsezi n'zabwino papepala. Koma lamulo limangouza munthu komwe sayenera kumanga. Silimupatsa ploti.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lino linaidziwapo njira. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, silinkangomanga nyumba za lendi za ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani. Linkayezanso malo otchedwa Traditional Housing Areas, kudula maploti, kusiya misewu, kufikitsa madzi pafupi, kenaka n'kumulola munthu kumanga nyumba malinga ndi thumba lake. Mbali zina za Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe zinayamba motero, n'chifukwa chake mpaka lero muli mizere ya nyumba yomwe galimoto imatha kudutsa pakati pake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madera amenewa anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Kuchokera pamenepo anthu akhala akuchuluka mofulumira kuposa maploti oyezedwa, ndipo otsala anakwera m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, kapena kutsikira m'mbali mwa Nasolo, Mudi ndi Naperi.

Pempho lathu loyamba kwa boma ndi khonsolo ya mzinda ndi lakuti abwerere ku njira imeneyi ndi mphamvu zonse. Ndalama za nyumba zisathere pomanga nyumba zochepa zokongola zomwe mphunzitsi wa pulayimale sangakwanitse lendi yake. Zipite poyeza malo otetezeka, kukumba ngalande, kulambula misewu ndi kuika mipope anthu asanafike. Kukonza dera anthu atamanga kale kumadya ndalama zambiri, chifukwa paipi iliyonse imafuna kugumula mpanda wa wina ndi kumulipira chipukuta misozi. Pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo yomwe inayamba mu 2014 inkathandiza makamaka anthu akumudzi, omwe malo anali nawo kale. Wosauka wa m'tauni chomwe amasowa poyamba ndi nthaka yoti aikepo maziko popanda mantha oti mawa adzamugumulira.

Ena adzati boma lilibe ndalama. Timamva, pakuti tonse tikudziwa momwe kwacha inagwera mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, komanso momwe mtengo wa thumba la simenti unakwerera. Komabe ndalama zomwe sitiwononga pokonza malo timaziwononga pogula mahema, ufa ndi mabokosi a maliro. Timaziwononganso kuchipatala. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, unafalikira mosavuta komwe chimbudzi chili pafupi ndi chitsime chifukwa chosowa malo. Anzathu omwe akuphunzira za umoyo amadziwa kuti matenda ambiri omwe amawaona m'wodi amayambira pa momwe nyumba zinakhalira.

Ena adzatinso anthu ukawasamutsa amabwerera. Izi zimachitika ndithu, koma zili ndi chifukwa chake. Munthu yemwe amayenda wapansi kuchoka ku Ndirande kupita ku ntchito ku Makata kapena ku Maselema, ukamupatsa malo kutali komwe ayenera kulipira minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, ndiye kuti wamulanda ntchito. Malo atsopano ayenera kukhala pafupi ndi njira za minibasi, msika ndi sukulu. Ndipo poti malo apafupi ndi ochepa, nthawi yakwana yoti tizolowere nyumba zosanjikizana komanso maploti ang'onoang'ono okonzedwa bwino. Kagawidwe kake kazichitika poyera, mayina a olandira azimatidwa poti aliyense aone, kuti maploti a osauka asathere m'manja mwa anthu omwe ali kale ndi nyumba zitatu.

Nkhani yachiwiri ndi ya zipangizo zomangira. Mu 2018, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, boma linaletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Ife tikugwirizana ndi lamuloli. Uvuni umodzi wa njerwa umameza mitengo yambiri, ndipo aliyense wooona phiri la Ndirande lero, lomwe kale linali nkhalango, akudziwa mathero a kudula mitengo mosasamala. Mtengo womwe wawotchera njerwa za nyumba ya m'munsi ndi womwewo ukanagwira nthaka kuti isakwirire nyumbayo. Koma nyumba zambiri za m'makomboni zimamangidwa ndi anthu wamba, pang'onopang'ono, mwezi uno njerwa, mwezi wamawa malata awiri. Kwa iwo mabuloko a simenti ndi odula. Simenti nayonso imafuna moto wambiri popanga, ndipo zina mwa zopangira zake zimagulidwa kunja ndi ndalama zomwe dziko likusowa.

Pali njira yapakati yomwe boma silinailimbikitse mokwanira. Njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindiridwa ndi makina a pamanja, siziwotchedwa ndipo zimalimba. Ngakhale zidina zimakhalitsa ngati maziko ndi amiyala okwera bwino, khoma lapakidwa pulasitala, ndipo denga latuluka kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma. Chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Ndi amisiri angati a ku Bangwe kapena ku Machinjiri omwe anawaonapo? Malangizo amenewa afunika kufika kwa mmisiri m'Chichewa chomveka, okhala ndi zithunzi, ndipo aziphunzitsidwa m'sukulu za ntchito za manja monga Soche Technical College. Msonkho wa makina oumbira njerwa uchepetsedwe kuti magulu a achinyamata azitha kuwagula n'kumabwereketsa.

Nkhani yachitatu, yomwe sikambidwa kawirikawiri, ndi ya mphamvu zomwe nyumba imadya ikatha kumangidwa. Nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka uvuni mu Okutobala, ndipo chiperoni chikafika mu Juni ndi Julayi imazizira ngati panja. Yokhala ndi mawindo ang'onoang'ono imafuna babu masana. Ofesi ya magalasi okhaokha imafuna makina oziziritsa tsiku lonse. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kunatikhalitsa mumdima kwa miyezi yambiri. Madzi ambiri a mu Blantyre nawonso amakankhidwa ndi magetsi kuchoka ku Walker's Ferry kukwera mtunda mpaka mumzinda. Yuniti iliyonse yomwe nyumba yawononga pachabe ikanatha kupopa madzi kapena kuyendetsa makina a fakitale.

Kuchepetsa vutoli sikulira ndalama zambiri ngati kwaganiziridwa pulani isanajambulidwe. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lisamalowe mwamphamvu. Pakhale khonde kapena denga lotuluka lopereka mthunzi. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo izidutsa. Siling'i, ngakhale ya nsungwi kapena mphasa, imatchinga kutentha kwa malata, ndipo malata opakidwa utoto woyera satentha ngati akuda. Khitchini ikhale ndi potulukira utsi, chifukwa mabanja ambiri m'tauni amaphikira makala, ndipo mbaula yosunga moto imachepetsa matumba ogula pamwezi. Khonsolo ikamavomereza pulani ya nyumba yaikulu, hotela kapena sukulu, izifunsa za zimenezi monga momwe imafunsira za chimbudzi ndi malire. Kwa womanga nyumba ya zipinda ziwiri, m'malo momuopseza ndi chindapusa, imupatse mapulani okonzedwa kale, aulere, oti angosankhapo.

Sitinganene za boma pokha ngati kuti ife nkhaniyi sikutikhudza. Mipingo ndi ena mwa omanga akuluakulu m'makomboni. Tikafuna tchalitchi, sukulu kapena nyumba ya abusa, chizolowezi chathu ndi kuumba njerwa tonse pamodzi n'kusonkherana ndalama za nkhuni. Mtima wogwirira pamodziwo ndi wabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma tingathe kuugwiritsa ntchito pogula makina amodzi a njerwa zosawotcha oti mipingo ingapo izibwerekana. Komiti ya zomanga isagule malo pamtsetse chifukwa choti ndi otchipa, ndipo ipite kukhonsolo ndi pulani isanakumbe maziko. Pakati pathu palinso eni nyumba za lendi. Mkulu wa mpingo yemwe wathithikiza mabanja asanu ndi atatu pa chimbudzi chimodzi sayenera kudikira kuti boma limukumbutse.

Kwa ife ophunzira, nkhaniyi ndi ya mawa lino. Tikamaliza maphunziro, ambiri tidzayamba ndi chipinda cha lendi ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, kenaka tidzayamba kufunafuna malo. Ena adzakhala owerengera ndalama m'makhonsolo, ena anamwino, ena aphunzitsi, ndipo mwina ena makhansala. Tiphunzire kufunsa tisanagule malo: kodi madzi a mvula amadutsa pati, chikalata chake chili kuti, ndipo msewu udzadutsa mbali iti? Tiphunzirenso kwa magulu a anthu osauka omwe, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, anasonkha ndalama pang'onopang'ono, n'kukambirana ndi khonsolo mpaka kupatsidwa malo ku Angelo Goveya komwe anamanga nyumba zawo. Iwo anaonetsa kuti wosauka akapatsidwa nthaka yodalirika amamanga yekha.

Dzinja lililonse mvula idzabwera, ndipo anamondwe a 2019, 2022 ndi 2023 atiphunzitsa kuti ina idzakhala yoopsa. Boma lili ndi ufulu woletsa anthu kumanga m'phiri la Soche ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo liyenera kutero mosaopa munthu. Koma lisanatumize galimoto zogumula, liyambe latumiza oyeza malo. Khansala kapena phungu aliyense wobwera kudzapempha voti m'dera lathu tizimufunsa funso limodzi lokhala ndi yankho lowerengeka: chaka chino khonsolo yayeza maploti angati a anthu opeza zochepa, ndipo ali kuti?