Khonje wa Pabwalo Afuna Malo, Safuna Madzi

Pakati pa zomera zimene anthu amabzala kuti pakhomo paoneke bwino, pali cimodzi cimene ambiri amacitenga cikali cacing'ono ngati cinanazi, osadziwa kuti m'zaka zowerengeka cidzatseka njira ya kunkhokwe. Comeraco ndico khonje wamkulu wa masamba otuwa, amene akatswiri a zomera amamudziwa ndi dzina lakuti Agave americana, limene Carl Linnaeus anamupatsa m'caka ca 1753. Kwao kweni-kweni ndi ku Mexico ndi kum'mwera kwa United States. Ali mbale wa khonje uja wa zingwe, amenenso anacokera ku Mexico nafika ku Tanganyika m'caka ca 1893. Koma uyu wa pabwalo masamba ake ndi onenepa, opindika, ndipo ena ali ndi mizere yacikasu m'mbali.

Nkhani yaikulu iri pa malo. Tsamba limodzi litakhwima limatalika pafupi-fupi mamita 2, ndipo khonje yense amatambalala mpaka mamita 3. M'mbali mwa tsamba liri lonse muli minga yokhota, ndipo kunsonga kwake kuli munga umodzi wolimba ngati msomali. Mungawo umaima pa msinkhu wa diso la mwana. Cifukwa cace mwini nyumba wanzeru sabzala khonjeyu pafupi ndi khomo, kapena m'mbali mwa njira ya kucitsime, kapena pabwalo pamene ana amasewera kuli mwezi. Amamuika kumalire a pakhomo, kutali ndi poyenda anthu. Ngati anabzalidwa kale pamalo olakwika ndipo wakula, minga ya kunsonga iyenera kudulidwa ndi mpeni wakuthwa. Khonje safa ndi zimenezi.

Podula masamba akale a pansi pafunikanso kucenjera. Madzi a m'masambamo akagwera pakhungu amayabwa koopsa, ndipo kwa ena amaturutsa matuza. Wogwira nchitoyi abvale malaya a manja atali, asagwire m'maso, ndipo asambe ndi sopo akangotsiriza. Kutema ndi cikwanje mwaukali ndiko kumene kumathovukitsira madziwo kumaso.

Kabzalidwe kake nkosabvuta. Patsinde pa khonje wamkulu pamaphuka ana, monga icitira nthoci. Mwana mmodzi amazulidwa ndi khasu pamodzi ndi mizu yake, nasiyidwa pamthunzi masiku owerengeka kuti bala liume, kenaka nkumubzala pamtumbira wa dothi losakaniza ndi mcenga kapena timiyala, pamalo pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Dothi la kudambo ndi la makande silimuyenera.

Amene amapha khonjeyu kawiri-kawiri ndi anthu acifundo. Pomuona ali padzuwa la October, amamuthirira madzi otsukira mbale m'mawa ndi madzulo, ndipo posacedwa mizu imaola, mtima wake nufewa. Comeraci cimasunga madzi m'masamba ake onenepawo, ndipo timabowo take topumira timatseguka usiku, masana nkutsekeka, kotero kuti sicitaya madzi ambiri dzuwa likatentha. Cikangogwira, mvula ya dzinja imacikwanira caka conse. Manyowa ambiri sicifunanso.

Azungu anamupatsa dzina lotanthauza kuti amakhala zaka 100 asanacite maluwa. Uku nkukokomeza cabe, pakuti zaka zake ndi pakati pa 10 ndi 30. Nthawi yake ikakwana, pakati pake pamaturuka mlongoti umene umakula mofulumira modabwitsa, mpaka kufika mamita 8 kapena kuposerapo, nucita nthambi za maluwa acikasu kumwamba. Khonje amacita maluwa kamodzi kokha. Cakudya conse cimene anasunga m'zaka zonsezo cimathera mu mlongotiwo, masamba amafota, ndipo iye amafa. Banja loona zimenezi lisayese malodza, kapena kuganizira mnansi kuti wathirapo mankhwala. Ndimo amathera khonje ali yense wa mtundu umenewu.

Mlongoti ukauma uyenera kugwetsedwa mphepo isanaugwetsere padenga la nyumba. Pamalo pa khonje wakufayo pamatsala ana ambiri othithikana. Mwini wake asiyepo mmodzi kapena awiri, ena agawire anansi. Otsalawo asawataye kuthengo, pakuti amagwira paliponse, ndipo ku South Africa khonjeyu anafalikira cotero mpaka kuwerengedwa pakati pa zomera zolanda malo.